Galimoto za Dizilo ndi za Petulo ku Livingstone

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndipo mafuta akangofayiridwamo amayaka okha. Pa chifukwa chimenechi, komanso poti lita ya dizilo ili ndi mphamvu zambiri kuposa ya petulo, galimoto ya dizilo imayenda mtunda wautali ndi mafuta ochepa, ndipo imakoka katundu wolemera mosavutikira.

Ku Livingstone kusiyanaku kumaoneka pamsewu. Mathiraki olowera ku mlatho wa Kazungula, womwe unatsegulidwa mu 2021, mabasi a ulendo wa makilomita oposa 450 wopita ku Lusaka, ndi ma Land Cruiser onyamula alendo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, ambiri ndi a dizilo. Matakisi a m'tauni, monga Toyota Corolla, ambiri amamwa petulo. Imeneyi ndi nzeru, pakuti galimoto zoterezi n'zotsika mtengo pogula ndi pokonzetsa. Dizilo wolowa madzi kapena fumbi amapha mainjekita ofayira mafuta mu injini, ndipo makaniko satchaja ndalama yamasewera.

Mitengo ya mafuta imalengezedwa ndi bungwe la Energy Regulation Board. Kuyambira 2023, paipi ya TAZAMA, yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, imanyamula dizilo woyengedwa kale.