Manyuci a Zipatso: Kamphatso ka Alendo a pa Phwando

Manyuci a zipatso ndi madzi a zipatso ophikidwa ndi shuga wambiri mpaka kulemerera. M'masitolo a mu Tete, pa botolo pamalembedwa kuti xarope. Samwedwa okhaokha ayi. Munthu amathira pang'ono m'kapu n'kuwonjezera madzi, monga ticitira ndi sobo.

Pa ukwati, pa cinkhoswe, kapena pa cikondwerero ca amayi ca pa 7 Epulo, mwini phwando safuna kuti mlendo abwerere cimanjamanja. Kabotolo ka manyuci ndi mphatso yosadula ndiponso yosalemera kunyamula. Koma kuno ku Mateus Sansão Muthemba, monga mu mzinda wonse wa Tete, kumatentha zedi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Cakumwa cokonzedwa mwacisawawa cimasasa msanga, ndipo mlendo angatsegule naco m'mimba. Tsono zinthu ziwiri n'zofunika kuposa zonse: shuga wokwanira ndi botolo laukhondo.

Zipatso zoyenera

Zipatso zake n'zakonkuno, ndipo pa msika ngati wa Kwachena zimapezeka.

Malambe ndi owawasa ndipo ali ndi vitamini C wambiri. Amasungika miyezi yambiri akakhala pouma.

Masau, amene pa Cipwitikizi amati maçanica, amapsa nyengo yozizira. Ouma amagulitsidwa ngakhale nyengo yake itatha.

Bwemba ndi wowawasa kwambiri. Manyuci ake amaoneka ofiirira.

Mandimu ndi jinja zimayenderana bwino. Cakumwa cake cimayabwa pang'ono kukhosi, ndipo akuluakulu ambiri amacikonda.

Muyezo wake

Lamulo ndi ili: makapu 2 a shuga pa kapu 1 ya madzi a zipatso. Muyezo umenewu umatulutsa pafupifupi theka la lita.

Kodi shuga yenseyo ngwa ciyani? Si wongotsekemeretsa basi. Tizilombo tosasitsa cakumwa timafuna madzi kuti ticulukane. Shuga akaculuka amagwira madziwo, tizilombo tija n'kulephera kuswana. Kuwawasa kwa cipatso nakonso kumathandiza. Mukanyalanyaza muyezo pofuna kusunga ndalama, manyuci sakhalitsa.

Tiyerekeze kuti mwaitana alendo 20, ndipo aliyense alandira mamililita 100, kutanthauza kucepera pang'ono theka la kapu. Pafunika malita 2. Ndiye kuti mutenge makapu 8 a shuga ndi makapu 4 a madzi a zipatso. Mukagula makilo 2 a shuga akwanira, wina atsalako.

Kakonzedwe kake

1. Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani zipatso, kupatula malambe amene mumangowacotsa zinyalala.

2. Ngati ndi malambe kapena bwemba, viikani makapu 3 m'makapu 6 a madzi owiritsa ofunda kwa ola limodzi. Fikisani mpaka nthanga ziyere.

3. Ngati ndi masau, awiritseni mphindi 20, kenako muwakanye ndi mthiko. Finyiranimo mandimu 2.

4. Ngati ndi jinja, musinjeni ndi kumuwiritsa mphindi 15. Mukaphula, finyiranimo mandimu 4 kapena 5.

5. Sefani ndi kansalu koyera. Yezani makapu 4 a madziwo.

6. Thirani m'poto pamodzi ndi shuga. Moto ukhale wocepa. Takasani mpaka shuga asungunuke, kenako ziwire pang'onopang'ono mphindi 5 zokha. Kuwiritsa nthawi yaitali kumawononga vitamini C ndi kununkhira kwa cipatso.

7. Thirani m'mabotolo manyuciwo akadali otentha, n'kutseka mwamphamvu. Musawagoneke m'poto wa aluminiyamu, cifukwa zowawasa zimadya potoyo.

Za mabotolo

Abwino ndi agalasi, monga aja a jamu kapena a mayonezi. Atsukeni ndi sopo, kenako muwawiritse pamodzi ndi zivindikiro zake mphindi 10. Avundikireni pa nsalu yoyera kuti aume, ndipo muthiremo akadali ofunda kuti galasi lisasweke.

Botolo limene munali mankhwala a mbewu, parafini kapena petulo musaligwiritse nchito ngakhale mutalitsuka cotani. La pulasitiki silingawiritsidwe, ndiye manyuci ake sacedwa kuwonongeka.

Kapepala ka pa botolo

Mlendo akafika kwawo sadzakumbukira zonse zimene munanena pa phwando. Mulembereni pa kapepala, ndi zilembo zazikulu. Mwacitsanzo:

MANYUCI A MALAMBE
Anapangidwa pa 5 Epulo
Supuni 2 zazikulu m'kapu 1 ya madzi owiritsa
Mumalize pasanathe masiku 7

Matani kapepalako pa botolo. Pa civindikiro mangirani kacidutswa ka kapulana kuti kakongole. Kabotolo ka mamililita 100 kamatulutsa makapu 3 a cakumwa.

Mawu oti "madzi owiritsa" musawasiye. Cigawo ca Tete cinavutika ndi kolera mu 2015 ndi mu 2023. Manyuci angakhale aukhondo, koma madzi osungunulira akakhala oipa, munthu amadwala ndithu. Madzi othiridwa Certeza nawonso ndi abwino.

Kusunga ndi kusamala

Konzani manyuci tsiku limodzi kapena awiri phwando lisanafike. Popanda filiji, asungeni pozizira, posafika dzuwa, ndipo athe mkati mwa mlungu umodzi. Mu filiji angafike mwezi. Mukaona thovu kapena cuku, kapena mukamva fungo la mowa, tayani osalawa.

Munthu wodwala matenda a shuga asapatsidwe mphatso imeneyi. Iyeyo mungamumangire masau ouma pang'ono kapena mtedza wokazinga m'kansalu komweko ka kapulana.