Zipangizo zophunzitsira Chingerezi m'sukulu za pulayimale kum'mwera kwa Africa

M'mayiko ambiri a kum'mwera kwa Africa, Chingerezi ndicho chiyankhulo cha mayeso, cha ntchito za boma ndiponso cha maphunziro apamwamba, chonsecho ana ambiri amayamba kuchimva atalowa m'kalasi. Ku Malawi, wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. N'chifukwa chake zomwe mphunzitsi wa phunziroli amagwiritsa ntchito zimakhudza tsogolo la mwana.

Boma la Malawi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi a ana oposa 100 anakhala osadabwitsa, ndipo buku limodzi ankalimbirana ana angapo. Zinthu zikatere, mphunzitsi amathawira ku njira yoloweza: iye anena chiganizo, ana onse abwereze mofuula. Kalasi imamveka ngati ikuphunzira, koma mwana akhoza kubwereza chiganizo chaka chathunthu osamva tanthauzo lake.

Kafukufuku wa Eddie Williams, yemwe anasindikizidwa mu 1998, anayerekeza ana a ku Zambia, omwe panthawiyo ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira Giredi 1, ndi ana a ku Malawi, omwe ankayamba ndi Chichewa. Pa kuwerenga Chingerezi, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni, koma ana a ku Malawi ankawerenga bwino kwambiri chiyankhulo chawo. Mu 1999 dziko la Zambia linayamba ndondomeko ya Primary Reading Programme. Ana a Giredi 1 ankaphunzira kuwerenga m'ziyankhulo zisanu ndi ziwiri za m'dzikolo, kuphatikizapo Chinyanja, potsata njira yomwe bungwe la Molteno la ku South Africa linakonza, kenaka mu Giredi 2 ankayamba kuwerenga Chingerezi kudzera m'maphunziro a Step In To English. Mfundo yake inali yakuti chiyankhulo cha kunyumba ndicho chipangizo choyamba cha mphunzitsi wa Chingerezi.

Mfundoyi imaoneka bwino tikaona zomwe zimavuta mwana woyankhula Chichewa. Chichewa chili ndi maliwu asanu okha a a, e, i, o, u, pomwe Chingerezi chili ndi oposa khumi, motero "ship" ndi "sheep" zimamveka chimodzimodzi. Kwa Mchewa, l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, koma m'Chingerezi "play" si "pray". Mawu oti "iye" amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, n'chifukwa chake mwana amatchula amayi ake kuti "he". Ndipo poti mawu a Chichewa amathera ndi liwu lotseguka, lilime limafuna kuwonjezerapo lina kumapeto, monga momwe "book" anasandukira buku ndi "spoon" supuni. Mabuku olembedwa ku Ulaya sadziwa zimenezi. Mphunzitsi wa ku Chipata kapena ku Dedza amazidziwa, ndipo angakonze phunziro la mphindi khumi lolimbana ndi vuto limodzi. Mwachitsanzo, ajambula sitima pakhoma lina ndi nkhosa pakhoma linalo, atchula mawu amodzi, ana n'kuloza chithunzi choyenera. Ngakhale m'kalasi ya ana 100, amene sanamve amaonekera pomwepo, zomwe sizitheka onse akamafuula pamodzi.

Kusowa kwa mabuku kunalimbikitsa njira yotchedwa TALULAR, yomwe bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi linafalitsa pakati pa aphunzitsi. Tanthauzo lake ndi kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Makatoni amadulidwa n'kukhala makhadi a mawu, zotsekera mabotolo zimalembedwa malembo oti ana azisanja, ndipo thumba la feteleza lotsukidwa bwino limasanduka tchati chomwe sichiola ndi mvula. Phunziro lopindulitsa kwambiri mwina ndi la kagolosale: pakona ya kalasi pamaikidwa mapaketi otha a shuga, sopo ndi machesi, mwana wina akhala wogulitsa, wina wogula. Pamenepo manambala, mafunso ndi mawu aulemu zimaphunziridwa nthawi imodzi, ndipo zolembedwa pamapaketiwo ndi Chingerezi chenicheni chaulere. Nthano za kalulu nazonso zimathandiza. Popeza ana amaidziwa kale nkhaniyo, akamaifotokozanso m'ziganizo zisanu za Chingerezi mutu wawo umalimbana ndi chiyankhulo chokha.

Wailesi inathandizapo kumene aphunzitsi eni ake sankachidziwa bwino Chingerezi. Bungwe la OLSET linayamba kuulutsa English in Action ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Zambia pulogalamu ya Learning at Taonga Market inayamba mu 2000, ndipo ku Malawi kunali Tikwere. Woulutsa ankafunsa funso n'kukhala chete kuti ana ayankhe, mphunzitsi akutsogolera. Ubwino wake wobisika unali wakuti mphunzitsi naye ankaphunzira katchulidwe popanda kuchita manyazi.

Masiku ano zinthu zambiri zikupezeka kwaulere pa intaneti. Ntchito ya TESSA, yomwe inayamba mu 2005 motsogozedwa ndi Open University ya ku Britain, ili ndi maphunziro olembedwera makalasi a mu Africa. African Storybook, yomwe bungwe la Saide la ku Johannesburg linakhazikitsa mu 2014, ili ndi timabuku ta zithunzi m'Chingerezi ndi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, ndipo imalola kusindikiza kapena kumasulira. Zina, monga za British Council, n'zabwino koma zambiri zimayembekezera kalasi yaing'ono ndi makina okopera mapepala. Kusukulu yopanda magetsi, mphunzitsi amakopera nkhaniyo pa bolodi kapena pa tchati chimodzi, n'kugawa ana m'magulu a anthu asanu ndi atatu, gulu lililonse ndi funso lake.