Mbiri ya Kababu ka LED ndi Rezisita Yake

Babu lakale la magetsi linkawala chifukwa cha kawaya ka tungsten kamene kankatentha mpaka kuyera, ndipo popeza chitsulo chikatentha chimawonjezera kukaniza magetsi, kawayako kankadziikira kokha malire. LED, yomwe ndi kachipangizo kotulutsa kuwala magetsi akadutsa mbali imodzi yokha, ilibe khalidwe limeneli, ndipo luso lonse losankha zida zoyatsira kababuka linabadwira pa kusowa kumeneku.

Kuwala kwa mtundu wa LED kunaonedwa koyamba ndi H. J. Round ku England mu 1907, pamene ankadutsitsa magetsi m'mwala wa silicon carbide, ndipo Oleg Losev wa ku Russia anakufufuza mozama m'zaka za m'ma 1920, koma anamwalira mu 1942 mzinda wa Leningrad utazingidwa pa nkhondo, ntchito yake isanalandire ulemu umene inayenera. Mu 1962 Nick Holonyak wa ku General Electric anapanga LED yofiira, ndipo pofika 1968 kampani ya Monsanto inali itayamba kuzipanga zambiri.

Mitengo itatsika, kababu kofiira, batani, batire ndi rezisita, kachida kochepetsa magetsi oyenda m'waya, zinasanduka phunziro loyamba la ophunzira zamagetsi, ndipo m'pomveka kutero, chifukwa amene walumikiza LED ku batire la mavoti 9 popanda rezisita amaiwotcha nthawi yomweyo. Njira yodziwira kukula kwa rezisita yofunika inachokera ku lamulo limene Georg Ohm anasindikiza mu 1827. LED yofiira imatenga mavoti pafupifupi 2 ndipo imafuna magetsi osapitirira mamiliampu 20, choncho mavoti 7 otsalawo akagawidwa ndi 0.02 (mamiliampu 20 aja m'maampu) amapereka rezisita ya ma ohm 350. Koma poti mafakitale amapanga marezisita a milingo yokhazikika, mmisiri wosamala amatenga ya 390, yodziwika ndi mizere yaolenji, yoyera ndi yabulauni. Batani silivuta kusankha, bola likhale la mtundu umene umalumikiza mawaya pokhapokha chala chikalidina.

Masamuwa anasintha pamene Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura anapeza njira yopangira LED yabuluu yowala kwambiri, ntchito imene inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2014 ndiponso inabala LED yoyera, yomwe lero ili m'matochi amene alowa m'malo mwa koloboyi m'midzi yambiri ya Malawi. LED yoyera imafuna mavoti pafupifupi 3, n'chifukwa chake batire limodzi la mavoti 1.5 silingaiyatse palokha, ndipo opanga matochi amaikamo mabatire atatu kapena kachipangizo kokweza mavoti.