Golide wa ku Gaika ndi kulira kumene makina sanakumvebe

Agogo athu amene anapita ku Rhodesia, ena wapansi ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ankatsika m'migodi ya ku Kwekwe monga Gaika ndi Globe and Phoenix kukaphwanya miyala yokhala ndi timizere ta golide. Lero makorokoza, anthu ofuna golide paokha, akusefabe dothi lomwelo. Masiku ano kumamveka zoti asayansi anatsimikiza kale kuti golide yense anabadwa nyenyezi zitawombana. Zoona zilimo, koma mawu oti "yense" ndi "kale" ndikuwakayikira.

Nkhaniyi inayambira patali. Mu 1916 Albert Einstein ananena kuti zinthu zolemera kwambiri zikagwedezeka zimatumiza mafunde m'mlengalenga. Mu 1967 masetilaiti a Vela, amene America inawatumiza kukazonda mabomba a nyukiliya, anaona kung'anima kwa cheza cha gamma kochokera kutali, ndipo nkhaniyi inatuluka mu 1973. Panapita zaka zambiri zinthu ziwirizi zisanakumane.

Makina a LIGO, okhala ndi mikono yotalika makilomita 4, anamva mafundewo koyamba pa 14 September 2015. Koma tsiku lalikulu ndi 17 August 2017. Kwa masekondi pafupifupi 100 makinawo anamva nyenyezi ziwiri zakufa, zotchedwa neutron star, zikuzungulirana mofulumirafulumira mpaka kugundana. Patangopita masekondi 1.7, setilaiti ya Fermi inaona cheza cha gamma. Patatha maola pafupifupi 11, telesikopu ya Swope ku Chile inapeza kadontho kowala mu mlalang'amba wa NGC 4993, kutali koti kuwala kumayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni. Malo oonera nyenyezi okwana ngati 70 analoza komweko, kuphatikizapo SALT ya ku Sutherland ku South Africa. Kadonthoko kanayamba kali kabuluu, m'masiku ochepa n'kufiira, chizindikiro chakuti zitsulo zolemera zikupangika.

Apa m'pamene ine ndimaona kuti panalakwika. Chisangalalo chinathamanga kuposa umboni. Kuwalako kunasonyeza gulu la zitsulo zolemera, koma golide weniweniyo sanaoneke payekha, ndipo asayansi akukanganabe ngati kugundana kotereku kumachitika mokwanira kuti kupange golide yense wa pansi pano.

Funso lina linamira m'phokosomo: nyenyezizo zitagundana, chinatsala n'chiyani? Mwina nthawi yomweyo zinasanduka black hole, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, mwina panatsala nyenyezi imodzi yolemera yomwe inazungulira kwa kanthawi isanagwe. Yankho lake ndi lofunika, chifukwa moyo wa chotsalacho umakhudza kuchuluka kwa zitsulo zimene zimamwazika. Magulu a LIGO ndi a Virgo, makina ena omvera mafundewa, anasakasaka mafunde a chotsalacho m'zimene makina anajambula, ndipo sanapeze kanthu. Chotsala choterechi chimanjenjemera maulendo masauzande pa sekondi imodzi, kumene makina a lero amamva movutikira, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ku Ulaya akukonzera Einstein Telescope, yodzakumbidwa pansi panthaka ngati mgodi.