CHIPATA CHIMENE ANATSEKERA KALATA ZA PA LAMYA

Nkhani yathu lero ndi mbiri ya kalata zoyenda pa kompyuta, zotchedwa imelo, ndi m'mene anthu analimbanirana ndi kalata zosafunika.

Vutoli ndi lakale. M'chaka cha 1978 Gary Thuerk, wa ku kampani ya Digital Equipment Corporation ku America, anatumiza kalata yotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 amene sanaipemphe. Pofika zaka za m'ma 1990, kalata zotere, zotchedwa spam, zinachuluka ngati dzombe.

Masiku amenewo munthu ankalumikiza kompyuta ku lamya ya mawaya ndi kachipangizo kotchedwa modem, naimbira kampani yogulitsa intaneti. Kampaniyo inkamubwereka nambala yomuzindikiritsa, ndipo akadula lamya nambalayo inkapita kwa wina. Choncho kamberembere ankaimba, nathira kalata zikwizikwi molunjika ku makina a olandira, nadula, nabweranso ndi nambala ina ngati munthu wachilendo.

Mu 1997 Paul Vixie anayamba kufalitsa m'ndandanda wa nambala zodziŵika ndi khalidweli. Mu 1998 Gordon Fecyk anakonza wina, wotchedwa DUL, wa nambala zobwereketsa kwa oimba lamya, olakwa ndi osalakwa omwe. Makina ambiri anayamba kukana kalata yochokera molunjika ku nambala zimenezi. Inayenera kudzera kaye ku makina a kampani imene inkamudziŵa wotumizayo. Angoni mwambowu mukuudziŵa: mlendo salunjika kwa Inkosi ya Makosi Gomani, amayamba waonekera kwa nduna yoti imuchitire umboni.

Kuno kwathu imelo inayambira ku Chancellor College ku Zomba pa njira ya Fidonet, ndipo kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti mu 1997. Tinaloŵa m'bwalo chipata chikutsekedwa. Munthu wa pa Boma la Ntcheu ankalipira mphindi iliyonse imene anali pa lamya, ndipo akatumiza kalata mosadzera ku kampani yake, inkatha kubwerera ngakhale inali ya maliro kapena yofunsira ntchito. Paja akuluakulu anati ikaola imodzi, zaola zonse.

Komabe njirayi inakhazikika. Bungwe la Spamhaus linayambitsa m'ndandanda wofanana nawo, wotchedwa PBL, mu 2007, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inakhazikitsa lamulo loletsa kalata zosapemphedwa zachinyengo. Ma modem aja anasiya kulira, ambiri tikulandira imelo pa lamya za m'manja, koma funso la akonzi a mindandanda ija likadalipo: kodi mpanda wotchinga fisi tiumange bwanji kuti mbuzi zathu zomwe zisagone panja?