Ng'oma za maracatu ndi gitala wamagetsi: mbiri ya gulu la Nação Zumbi

Ku Recife, mzinda wa kumpoto ca kum'mawa kwa Brasil, kuli ng'oma yaikulu yochedwa alfaia. Woomba amaikoleka paphewa n'kumaimenya ndi timitengo tiwiri. Ndi ng'oma ya maracatu, gule amene anacokera pa mwambo wa akapolo a ku Africa ndi zidzukulu zawo wolonga "Mfumu ya Congo" pabwalo la chalichi. Ukapolo utatha mu 1888, magulu a maracatu, ochedwa nação, anapitiriza kutuluka pa Carnaval, mfumu ndi mfumukazi akuyenda pansi pa ambulera wamkulu. Koma anayamba kucepa. Dona Santa, mfumukazi ya gulu la Elefante, atamwalira mu 1962, gululo linaleka kuvina kwa zaka zambiri ndipo zovala zake zinakasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale. Acinyamata ambiri ankaona maracatu ngati za agogo ndi za amphawi.

Francisco de Assis França, amene dziko linamudziwa kuti Chico Science, anabadwira ku Olinda, pafupi ndi Recife, mu 1966. Anakula akumvera James Brown ndi hip hop. Ca m'ma 1991 mnzake wa kunchito, Gilmar Bola 8, anamutengera ku Peixinhos, dera la anthu osauka, kukamva oomba ng'oma a Lamento Negro. Chico anawaphatikiza ndi anzake oimba rock, monga Lúcio Maia wa gitala, ndipo gulu latsopanolo analicha Nação Zumbi. Zumbi anali mtsogoleri wa akapolo othawa a ku Palmares, amene anaphedwa mu 1695.

Ng'omazo sanaziike kumbuyo ngati zokometsera. Pa cimbale cawo coyamba, Da Lama ao Caos, ca mu 1994, panalibe ng'oma za bandi zimene magulu a rock amadalira. Alfaia ndiyo inkatsogolera, gitala n'kumatsatira. Anatenganso coco, ciranda ndi embolada, kaimbidwe kothamanga ka m'misika kamene kamayenderana bwino ndi rap.

Mawu a nyimbo anali a kwawo komweko. Recife anamangidwa pa matope, pamene mitsinje ya Capibaribe ndi Beberibe imathira m'nyanja yamcere. M'mitengo ya m'matopemo, imene a ku Brasil amati mangue ndipo ku Moçambique amati mangal, anthu osauka amagwiramo nkhanu kuti adye. Dokotala Josué de Castro anali atalemba kale za njala ya anthu amenewa, ndipo Chico anamuchula m'nyimbo. Mu 1992 Fred Zero Quatro, wa gulu la Mundo Livre S/A, analemba cikalata cofotokoza colinga cawo. Cizindikiro cawo cinali parabólica yozikidwa m'thope.

Si onse anakondwera. Ariano Suassuna, mlembi wamkulu amene anayambitsa gulu la Armorial mu 1970 kuti ateteze luso la anthu a ku Nordeste, ankaona kuti rock ikuipitsa maracatu. Ngakhale dzina lacingerezi ankalikana: ankamuitana kuti Chico Ciência. Nkhawa yake sinali yopanda pake, pakuti ciri ca kunja cimabwera ndi ndalama ndi wailesi, ndipo cimatha kumeza ca pakhomo. Koma ku Recife zinayenda mwina. Acinyamata amene anamva alfaia koyamba pa cimbale anayamba kupita kwa akuluakulu a nação kukaphunzira kuomba kwenikweni, ndipo magulu oomba maracatu anabuka ku São Paulo, ku Ulaya ndi ku America.

Chico anamwalira pa ngozi ya galimoto pa 2 Febuluwale 1997, ali ndi zaka 30, patatsala masiku ocepa kuti Carnaval iyambe. Anasiya zimbale ziwiri zokha, caciwiri cikhala Afrociberdelia ca mu 1996. Suassuna anafika pa maliro ndipo analira. Gulu silinathe: Jorge du Peixe, amene ankaomba alfaia, ndiye anatenga malo a woimba. Mu 2014 boma la Brasil linalemba maracatu nação m'kaundula wa cuma ca cikhalidwe ca dzikolo.