Waya Wachinayi Amene Anaphunzitsa Fani Kumvera

Kompyuta ya IBM PC ya mu 1981 inali ndi fani imodzi yokha, yobisika m'bokosi la magetsi, ndipo purosesa yake ya Intel 8088 sinkasowa choiziziritsa. Pofika nthawi ya Pentium mu 1993, mapurosesa anali atayamba kutentha, ndipo ofuna mphepo yambiri ankatapa magetsi pa pulagi ya Molex, ija ya ma hard disk a nthawi imeneyo. Fani yotere sinkasamala kuti kwatentha kapena kwazizira: ukangoyatsa, inkalira ndi mphamvu zonse mpaka uzimitse. Kenako kunabwera ya mawaya atatu yolumikiza pa motherboard penipeni, waya wachitatuyo n'kumauza kompyuta liwiro la fani. Kuti izungulire pang'onopang'ono unkachita kuimana magetsi, ndipo ukaimana kwambiri inkangoima.

Kwa ine nkhani yeniyeni ikuyambira mu 2004. Chaka chimenecho Intel inatulutsa Pentium 4 ya mtundu wa Prescott, imene mitundu yake ina inkafika mawati 115. Fani yoti ithane ndi moto wotere inkasokosera nyumba yonse. Pamodzi ndi soketi ya LGA 775, kampaniyi inabweretsa fani ya mawaya anayi, ya PWM. Nzeru yake ndi iyi: fani isamanidwenso magetsi, izilandira 12V yonse nthawi zonse, koma waya wachinayi aziilamula kuti yaka, zima, yaka, zima, maulendo 25,000 pa sekondi imodzi. Zili ngati wopalasa njinga amene amapalasa n'kuleka, kupalasa n'kuleka: akachulutsa kupalasa njinga imathamanga, akachulutsa kuleka imayenda mwakachetechete koma osaima. Nambala ya 25,000 sanangoitola. Khutu la munthu limalekera kumva cha pa 20,000, choncho kuyaka ndi kuzimako sikumveka.

Ambiri amapereka ulemu wonse kwa Intel. Ine ndikuti tigawe. Intel inkazima moto woyatsa yokha, ndipo njira anali atalambula kale ndi anthu wamba odana ndi phokoso, amene ankalumikiza fani pakati pa waya wa 12V ndi wa 5V kuti ilandire 7V yokha, komanso Alfredo Milani Comparetti, amene analemba pulogalamu yaulere ya SpeedFan. Chimene ndimaivulira chipewa Intel n'choti sinataye zakale. Pini yachinayi anangoiwonjezera m'mphepete, kapulasitiki kolondolera pulagi n'kukasiya pa mapini atatu aja, mwakuti fani yakale imalowa bwinobwino pamalo atsopano. Nthawi yomweyo Intel inayesanso njira ina yomangira kompyuta yotchedwa BTX, yofuna bokosi latsopano ndi motherboard yatsopano, koma pofika 2006 inali itaisiya. Mapini anayi aja alipobe mpaka lero.

Ndi amene mukuwaona inu amene mukumanga kompyuta yanu yoyamba, olembedwa CPU_FAN, SYS_FAN kapena CHA_FAN. Kuno kwathu fani yowonjezera si yokongoletsera. Kutentha kwa mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kuphatikiza fumbi la m'chilimwe, kumachititsa purosesa kudzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Pa CPU_FAN pasiyireni fani ya purosesa, zinazo zipite pa SYS_FAN, zakutsogolo zikoke mphepo, yakumbuyo itulutse. Malo akachepa, waya wogawa amathandiza, koma ma motherboard ambiri amalola 1A yokha pamalo amodzi, ndiye werengani nambala yolembedwa pa fani iliyonse n'kuphatikiza. Zikapitirira, gulani hub yotenga magetsi pa waya wa SATA. Ndipo pulagi ikakana kulowa musaikakamize, onani kaye zolembedwa pambali pake, chifukwa malo a magetsi okongoletsa a RGB nawonso ali ndi mapini anayi.